Khirisimasi Bokosi Yochokera pa Mbaula

 

Masiku akubwerawa ana ayamba kutiimitsa m'njira, dzanja lili tambalale: "Khirisimasi bokosi!" Ena timaseka n'kuwayankha kuti bokosi latsalira ku Chipata. Ena timazemba njira. Koma pali anthu ena m'midzi mwathumu amene sangatiimitse m'njira, chifukwa sayenda kapena chifukwa manyazi sawalola. Nkhani ya lero ndi ya bokosi la anthu amenewo: momwe tingalikonzere ndi manja athu, pa mbaula yathu yomweyi, osalowa m'ngongole.

Mawu oti bokosi la Khirisimasi sanayambire kuno. Ku England kalelo, antchito a m'nyumba za anthu olemera ankagwira ntchito tsiku lonse la Khirisimasi, kuphika ndi kuperekera zakudya. M'mawa mwake, pa 26 Disembala, ndiye ankaloledwa kupita kwawo atanyamula kabokosi ka ndalama pang'ono kapena zakudya zotsala. Tsikuli mpaka lero amalitcha Boxing Day. Anzathu a ku Malawi boma limawapatsa tchuthi pa tsikuli, pamene ife kuno ku Zambia khasu limabwerera paphewa. Koma pa kalendala ya mipingo yambiri, 26 Disembala ndi tsiku lokumbukira Stefano. Tsegulani Machitidwe a Atumwi mutu 6. Mumpingo woyamba wa ku Yerusalemu munabuka dandaulo loti akazi amasiye ena ankadumphidwa pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Anasankhidwa amuna 7 oti akonze zimenezi, ndipo dzina loyamba pa mndandandawo ndi la Stefano. Tisanamudziwe ngati wofera chikhulupiriro, Stefano anali munthu woonetsetsa kuti mbale yafika pakhomo pamene inkadumpha.

Ndikudziwa zimene ena mukunena mumtima. Mukuti, mayi inu mukukamba za mphatso mwezi uno? Zoonadi, Disembala kwa mlimi si mwezi wopuma. Nkhokwe yatsika, udzu ukupikisana ndi chimanga, feteleza wobereketsa akufunika, ndipo Januwale waima pakhomo. Boma linachotsa fizi m'masukulu ake mu 2022, koma yunifolomu, nsapato ndi makope sizinachoke. Chilala cha 2024, chimene Mtsogoleri wa dziko anachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko lonse mu Febuluwale chaka chimenecho, chinatiphunzitsa kuwerenga meda iliyonse. Choncho ndinene poyambirira: mphatso ya Khirisimasi isachokere ku kaloba, isachokere pa kugulitsa thumba la feteleza, ndipo isachokere mu nshawa zimene munasungira mbewu. Munthu amene wasangalatsa mudzi pa 25 Disembala n'kumadzabisalira wokongoza mu Febuluwale sanathandize aliyense.

Komabe usiwa sunaletsepo anthu a Mulungu kutumizirana chakudya. Mu Nehemiya mutu 8, anthu amene anabwerera ku ukapolo anasonkhana ku Yerusalemu, zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe, kudzamva Ezara akuwerenga Malamulo. Atamva anayamba kulira. Atsogoleri awo anawatonthoza n'kuwauza kuti tsikulo linali lopatulika, apite akadye ndi kumwa zokoma, koma akumbukirenso kutumiza gawo kwa amene analibe chokonza. Onani kuti sanati awaitane adzaonerere. Anati chakudya chiwatsate kwawo. Mu Estere mutu 9 mulinso lamulo lofanana nalo, ndipo Ayuda mpaka lero pa chikondwerero cha Purimu amatumizirana zakudya zophikaphika za mitundu iwiri kapena kuposerapo. Ine ndimakondanso nkhani ya Yakobo mu Genesis 43. Njala inali itafika posauzana m'dziko la Kanani, koma potumiza ana ake ku Ejipito anawauza kuti atengeko pang'onopang'ono za m'dziko mwawo: uchi, zonunkhira ndi mtedza wa m'mitengo ya kumeneko. N'zoona kuti iye ankafuna kufewetsa mtima wa nduna, pamene ife sitikufuna kugula mtima wa munthu. Koma taonani kuti sanapite kukagula za ku Ejipito kuti akapatse Mwejipito. Anatenga zakwawo.

Zakwathu ndi chiyani? Ndi nshawa, zimene anzathu a kutsidya amati mtedza. Chigawo chathu cha Kum'mawa ndicho chimadziwika ndi nshawa m'dziko muno, kuyambira Chalimbana ya makolo mpaka mitundu ya MGV imene inatuluka ku Msekera. Tilinso ndi mafuta a mpendadzuwa oyengedwa konkuno, mazira a nkhuku zathu, soya, mandimu, ndipo ena ali ndi uchi. Zogula kusitolo ndi zitatu chabe: ufa wa tirigu, shuga ndi baking powder.

Musanagule kanthu, khalani pansi mulembe maina. Ichi ndicho chiyambi cha bokosi, osati ufa. Mukayamba ndi kuphika, mphatso zonse zithera kwa anthu amene mumadya nawo kale, a mfumu, abusa, apongozi, ndi mnzanu amene anakupatsani chaka chatha. Akuluakulu anati chipande cha therere chimakoma n'kuyenderana, ndipo sindikutsutsa. Koma pa Luka 14 Ambuye anatichenjeza kuti tisamangoitana okhawo amene angatibwezere. Ndiye funsanani mumphakati, mu Chigwirizano cha amayi, kapena mu kwaya: ndani m'mudzi muno amene pa Khirisimasi pakhomo pake sipadzafuka utsi wosiyana ndi wa masiku onse? Agogo amene akulera adzukulu okha. Bambo amene anafa ziwalo ndipo anthu anatopa kukamuona. Mtsikana amene anabereka ali pasukulu, amene tonse timamuyang'ana cham'mbali. Amayi amene ali kuchidikiro kuchipatala, kutali ndi ana awo. Asakhale a mpingo wathu okha ayi. Mulembe makomo 10, kapena 5 ngati mphamvu ndi yochepa, kenako muwerengere zofunika.

Tsono m'bokosimo muikemo chiyani? Ambiri maganizo athamangira ku vitumbuwa, mandasi ndi chikondamoyo, poti ndizo tinazolowera. Zimenezi n'zokoma tsiku lomwelo. Koma zili ndi madzi ambiri mkati, ndipo kutentha ndi chinyontho cha Disembala sizichedwa kuzisasitsa. Pakapita masiku awiri zayamba kununkha, tsiku lachitatu zamera ndevu. Bisiketi ndi wosiyana. Dzina lakelo linachokera ku mawu a Chilatini otanthauza chophikidwa kawiri, chifukwa kale ankaphika mkate kenako n'kuubwezeranso pamoto wozizirira kuti uume gwa. Amalinyero ankayenda nawo panyanja miyezi yambiri osawonongeka. Chinsinsi chake ndi kuuma basi. Tizilombo toola chakudya timafuna madzi, ndipo mu bisiketi wouma bwino mulibe. Wathu wa pa mbaula, akauma bwino n'kutsekeredwa m'chitini, amatha milungu iwiri ali bwinobwino. Kwa agogo okhala okha zimenezi n'zofunika: m'malo modya zonse tsiku limodzi poopa kuti ziwonongeka, amatenga awiri m'mawa uliwonse mpaka chaka chatsopano.

Ndichedwepo pang'ono pa nshawa, chifukwa apa ndi pamene mphatso ingasanduke poizoni ife osadziwa. Nshawa zimene tili nazo mu Disembala zakhala m'matumba miyezi 6 kapena 7 chikololereni. Zina zagwira chuku. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi, amatha kuyambitsa khansa ya chiwindi, ndipo madokotala amamutchulanso pa nkhani ya kupinimbira kwa ana. Anthu anamuzindikira mu 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi nshawa zachuku. Ndipo si nkhani ya kutali ayi. Mu Ogasiti 2024 boma lathu linalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa m'dziko muno chifukwa cha poizoni yemweyu, amene anapezeka m'chimanga. Choopsa chake n'chakuti moto sumuthetsa. Mungakazinge, mungawiritse, iye ali momwemo. Mankhwala ake ndi maso anu ndi lichero. Khalani poyera dzuwa likuwala, sankhani imodziimodzi. Yonyala, yakuda, yofumbwa, yosweka kale, ya ufa wobiriwira kapena wachikasu, tayani. Musaponyere nkhuku, ndipo musachite zija timachita zoti zabwino tigulitse, zoipa tisinje za ndiwo. Komanso posenda musanyowetse makoko kuti afewe, chifukwa madziwo ndiwo amadzutsa chuku. Ntchito yosankhayi apatseni ana a sukulu amene ali pa tchuthi, maso awo ndi akuthwa kuposa athu.

Mukasankha, kazingani pamoto wochepa mpaka khungu liyambe kusupuka, pukusani, petani, kenako sinjani pang'ono. Musasinje mpaka zisanduke chiponde. Zikhale nsinjiro za mibulu.

Muyeso wake nawu, ndipo kapu imene mwayamba nayo ikhale yomweyo mpaka kumapeto, kapu ya tiyi yaikulu ija. Ufa wa tirigu makapu 3, nsinjiro kapu 1, shuga kapu 1, mafuta ophikira theka la kapu, mazira 2, baking powder masupuni a tiyi 2, ndi kamchere kotsina ndi zala. Yambani ndi kumenya mazira, shuga ndi mafuta mpaka shuga ayambe kusungunuka. M'mbale ina sefani ufa pamodzi ndi baking powder ndi mchere, onjezani nsinjiro, kenako phatikizani zonse. Zikakana kugwirana, thirani mkaka kapena madzi supuni imodziimodzi, osapitirira 4. Apa manja a mandasi muwasiye kaye. Mandasi amafuna kukanda kwambiri kuti atamuke, koma bisiketi mukamukanda chotero amalimba ngati chikopa. Zikangogwirana, lekani. Yalani pathebulo lowazidwa ufa pogwiritsa ntchito botolo loyera, makulidwe ake akhale ngati theka la chala chaching'ono, ndipo dulani ndi kukamwa kwa tambula yaing'ono. Bayani ndi foloko pamwamba. Muyeso umenewu umatulutsa mabisiketi pafupifupi 40.

Tiwerengere pamodzi. Paketi ya ufa ya makilogalamu 2 imakwana miyeso 5 yotere. Shuga wake ndi kilogalamu 1, mafuta sadzaza n'komwe botolo la 750 ml, mazira ndi 10, nsinjiro makapu 5. Zonsezo zitulutsa mabisiketi pafupifupi 200, kutanthauza 20 pakhomo lililonse mwa makomo 10 aja. Kwa munthu mmodzi n'zolemera. Koma amayi 5 akagawana, wina ufa, wina shuga, wina mazira a nkhuku zake, wina nshawa, wina makala ndi mafuta, palibe amene amva kupweteka. Amene alibe chilichonse abwere ndi manja ake, nawonso ndi chopereka.

Ufa wa tirigu ukachepa, kapu imodzi mwa atatu aja ikhale ya ufa wa chimanga wosefa bwino. Amakhala okhumudzuka pang'ono koma okoma, ndipo amene muli ndi chimanga cha olenji chija chokhala ndi vitamini A, mtundu wake umakongola kwabasi. Wofuna kuikamo ufa wa soya, akazinge soyayo kaye asanapite kuchigayo, chifukwa soya wamuwisi amanunkha ndipo savomerezana ndi m'mimba. Za fungo, palani khungu la ndimu, lobiriwira lokhalo osafika poyera powawa paja, kapena sinjani jinja wouma supuni ya tiyi imodzi. Ena amafunsa ngati soda wa therere angalowe m'malo mwa baking powder. Angathe, koma soda amafuna chowawasa kuti agwire ntchito, monga chambiko kapena madzi a ndimu, ndipo theka la supuni ya tiyi ndi lokwana. Mukachulutsa, anthu adzaganiza kuti mwawapatsa sopo.

Uvuni tilibe, mukutero. Uvuni muli nawo, kungoti mumaphikiramo nyemba. Tengani poto wamkulu wachitsulo. Pansi pake thiranimo mchenga wa kumtsinje wotsuka ndi kuumitsa, kuya kwake zala ziwiri kapena zitatu. Pamchengapo ikani timiyala 3 tofanana, ndipo pa timiyalapo mukhazike mbale yachitsulo yopakidwa mafuta. Mchenga umagwira moto n'kuugawa mofanana, timiyala timaletsa mbale kukhudza pansi potentha. Vundikirani, ikani pa mbaula, ndipo makala ena oyaka muike pamwamba pa chivundikiro. Cholakwa cha ambiri ndi kuchulutsa moto pansi. Moto wambiri ukhale pamwamba, pansi pakhale wochepa. Dikirani mphindi 15 kapena 20 kuti poto atenthe musanaike kanthu. Poyesa, wazani ufa pang'ono pambalepo. Ukada nthawi yomweyo, moto wachuluka, phulani makala ena. Ukatenga mphindi imodzi kapena ziwiri kuti ufiire, ndiye bwino. Amene muli ndi uvuni wamagetsi kapena wanjerwa wokhala ndi choyezera, ndi madigiri 180. Mabisiketi amapsa pa mphindi 12 mpaka 15, m'mphepete mukayamba kufiira. Oyambirira asakukhumudwitseni. Amenewo ndi a ana amene akhala akuzungulira khitchini chiyambire m'mawa.

Poto mmodzi amalowa 8 kapena 10 pa ulendo umodzi, ndiye kuti 200 aja angakutengereni maola 5 kapena kuposa. Mapoto akhale awiri kapena atatu. Ndipo mvula ikayamba, chonde musalowetse mbaula m'nyumba n'kutseka chitseko ndi mawindo. Makala amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umagonetsa munthu osadzukanso. Phikirani pakhonde kapena m'khitchini yopita mphepo. Abambo, apa ndi pamene pali gawo lanu. Kukatunga mchenga, kusamala moto ndi kupalasa njinga pokapereka si ntchito yoti amayi achite okha inu muli ku bawo.

Mukamaliza onse, makala atazilala, abwezereni mabisiketi mu poto wofundayo kwa mphindi 10 kapena 15, chivundikiro chili chotsekula pang'ono. Kumeneko ndiko kuphika kachiwiri kuja. Kenako ayaleni palichero, afundeni kansalu koyera kopyapyala chifukwa cha ntchentche, ndipo azizire mpaka mkati. Mukathyola mmodzi alire kuti thyo. Mukawatsekera m'pulasitiki akadali ofunda, thukuta lawo lomwe liwanyowetsa, ntchito yonse ija yapita pachabe.

Za ukhondo sindichulutsa mawu, poti tonse tikukumbukira kolera amene anayamba mu Okutobala 2023 mpaka kuchedwetsa kutsekulira masukulu kumayambiriro kwa 2024. Ino ndi nyengo yake. Sambani m'manja ndi sopo, madzi akhale owiritsa kapena othira kolorini, ndipo amene watsekula m'mimba sabata imeneyo apume kaye, adzathandiza pa Pasaka.

Bokosi la mabisiketi okhaokha ndi labwino, koma likakhala ndi zinthu ziwiri kapena zitatu limasangalatsa potsekula. Maswiti a nshawa savuta: sungunulani shuga kapu 1 pamoto wochepa mpaka afiire ngati uchi, thiranimo nshawa zokazinga kapu 1 ndi theka, vundulani msanga, khuthulirani pambale yopaka mafuta, ndipo dulani asanaume. Shuga wosungunuka amatentha kuposa madzi owira ndipo amamatirira pakhungu, choncho ana atalikire. Mungaikemonso nshawa zamchere, mbuliwuli, kapena inswa zokazinga ndi kuumitsa bwino, poti ino ndi nyengo yake. Koma chilichonse chikhale m'kapepala kakekake. Chonyowa ndi chouma zisagonere pamodzi. Mukaika chikondamoyo kapena mango m'chitini chimodzi ndi mabisiketi, chinyontho chimasamuka, m'mawa mupeza onse afewa. Mango anyamuleni padera m'dengu.

Ganiziraninso za mwini bokosi. Agogo opanda mano maswiti a nshawa sawathandiza, koma bisiketi amanyika mu tiyi, ndiye aikireniko kapaketi ka masamba a tiyi ndi kapamela ka shuga. Munthu wodwala shuga musamuyese ndi zotsekemera. Mupatseni nshawa zokazinga, mazira, masamba a tiyi. Wa kuthamanga kwa magazi, mchere uchepe. Pakhomo pamene pali ana osakwana zaka 5, uzani mayi awo kuti nshawa zathunthu zimatsamwitsa, anawo adye mabisiketi. Alipo anthu ena amene nshawa zimawatulutsa ziwengo kapena kuwabanikitsa, choncho nenani poyera kuti muli nshawa. Ndipo ngati mukupita kwa odwala, kaya ku St Francis ku Katete kaya pachipatala chathu chaching'ono chapafupi, funsani kaye anamwino ngati wodwalayo akuloledwa kudya zimenezo.

Tsopano bokosi lenilenilo. Pano ndiulule tchimo langa. Chaka china ndinaphika bwino kwambiri, ndinanyadira ndithu, ndipo ndinapempha katoni pakantemba kena. Sindinanunkhize. Katoniyo inali ya sopo wochapira. Mabisiketi anagonamo masiku awiri. Agogo amene ndinawapatsa anathokoza mpaka kuwomba m'manja, osanena kanthu. Anadzandiuza ndi kamdzukulu kawo patapita sabata, kuti, "Amayi, mabisiketi anu aja ankachita thovu." Zakudya zamafuta zimakoka fungo la chilichonse chili pafupi, sopo, parafini, kapenta. Mukafuna kupatsa munthu sopo, chimene ndi chinthu chabwino, mumunyamulire m'dzanja lina.

Sopo tinaseka, koma china sichoseketsa. Mwezi uno m'nyumba zambiri muli mabotolo ndi zigubu za mankhwala a udzu, a thonje, ndi a mbozi zija zinalowa m'dziko muno kumapeto kwa 2016. Chotengera chilichonse chimene munakhalapo mankhwala kapena feteleza chisayandikire chakudya, ngakhale mutachitsuka kasanu. Nyuzipepala nayonso isakhudze chakudya, chifukwa inki imasungunuka ndi mafuta. Chabwino ndi chitini cha mkaka wa ufa, kandowa ka majarini, kapena botolo lagalasi la kukamwa kwakukulu, lotsukidwa ndi kuumitsidwa padzuwa. Mkati yalani pepala loyera. Sanjani mabisiketi choimika, mothinana ngati mbale pa thandala, olemera pansi, ndipo mipata mutseke ndi mapepala kuti asagwedere. Misewu yathu ya ku Vubwi nthawi ya mvula mukuidziwa. Bokosi logwedera likakwera njinga kapena mthuthuthu limakafika lili phala. Kunja kwake kulungani pulasitiki chifukwa cha mvula, kenako kansalu ka chitenje kotsala kwa telala, mumange mfundo pamwamba. Ana alembe kapepala ka moni ndi dzanja lawo, ndi vesi limene mwasankha, monga Luka 2:11. Ngati wolandirayo sawerenga, mwana yemweyo akamuwerengere.

Pali chifukwa china chimene ndikunenera chitini osati mbale yanu yabwino ija. Mwambo wathu umati mbale sibwerera yopanda kanthu. Ndi mwambo wokoma pakati pa anthu ofanana mphamvu. Koma mayi wamasiye amene mwamupatsa mbale yadzadza, usiku umenewo sagona, akuganiza choti abwezeremo. Ena amagwira nkhuku yawo imodzi yomweyo. Mphatso yanu yamusiya wosauka kuposa mmene munamupezera. Ndiye perekani m'chotengera chosabwerera, ndipo munene momveka kuti, "Agogo, chitinichi n'chanu, muzisungiramo mchere."

Kaperekedwe kake nakonso n'kofuna nzeru. Musapite gulu lonse mutavala yunifolomu, nyimbo ili pakamwa, mudzi wonse n'kudziwa kuti uje ndi uje ndiwo amphawi a chaka chino. Pitani awiriawiri. Nenani odi, khalani pansi, funsani za moyo ndi za kumunda, ndipo perekani ndi manja awiri monga tinaleredwera. Achinyamata, foni ikhale m'thumba. Nkhope ya munthu wolandira thandizo si yoika pa WhatsApp kapena pa Facebook. Mateyu mutu 6 amatiuza za kupereka mobisa, ndipo Nicholas, bishopu wa ku Myra wa zaka za m'ma 300, amene azungu anadzamusandutsa nkhalamba ya ndevu zoyera ija, amakumbukiridwa chifukwa ankapereka usiku kuti asadziwike. Ife sitingayende usiku m'nyengo ya njoka ino, koma tingathe kutseka pakamwa.

Mukakhala pansi pamenepo, maso ayende. Mudzaona denga likudontha pamene pali mphasa. Mudzaona munda wa kuseri kwa nyumba udzu utafika m'mawondo, chifukwa mwini wake msana unakana. Mabisiketi 20 sangapalire munda. Koma mukabwerera mukauze anzanu zimene mwaona, ndipo sabata yotsatirayo anyamata a kwaya apite ndi makasu m'mawa umodzi, abambo apite ndi mitolo ya udzu.

Masiku ake muwagawe motere kuti asalimbane ndi kupalira. Maina ndi zopereka zikhale zitatha pofika pa 18 Disembala. Nshawa musankhe ndi kukazinga pa 20 kapena 21. Kuphika kukhale pa 22 ndi 23, masana mukaweruka kumunda, ndipo maswiti a nshawa akhale omalizira chifukwa sachedwa kunyowa. Makomo apafupi mupereke pa 24 madzulo, kuti m'mawa wa Khirisimasi tiyi wawo akhale ndi chotsitsira. Akutali, ndi a kutsidya kwa mtsinje, musakakamize kuwoloka madzi atadzaza. Dikirani atsike, mupite pa 26, tsiku la Stefano, kapena pa 27. Chitini chotsekedwa bwino chidzakhala chikadali bwino.